Mbiri ya Udzudzu Umene Udawoloka Nyanja Yamchere

MAWU OYAMBA

Makolo athu adati mlendo ndi mame. Ponena motero ankatanthauza kuti munthu wodzacheza sakhalitsa, ndipo nkoyenera kumsunga bwino pa masiku owerengeka amene ali pakhomo pathu. Mawu amenewa ngoona pa za anthu. Koma alipo alendo ena amene safika ndi odi, sapempha malo kwa mfumu, ndiponso dzuwa likakwera sakamuka monga achitira mame. Mmodzi wa alendo otere ndiye udzudzu wa kuno ku Africa umene udawoloka nyanja yamchere ya Atlantic nukakhala m'dziko la Brazil, ku South America, kuyambira chaka cha 1930 kufikira 1940. Pa zaka khumi zimenezo udapha anthu ambirimbiri. Koma potsiriza pake eni dziko adaugonjetsa, osasiyako ndi umodzi womwe.

Ndafuna kulemba mbiri imeneyi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, udzudzu umene udasautsa anthu a ku Brazil ndi womwewu umene umatilira m'makutu usiku ku Chikwawa ndi ku Karonga. Motero poona zimene udachita m'dziko la eni, tidzamdziwa bwino mdani amene tidamzolowera. Chachiwiri, masiku ano zinthu zatembenuka, pakuti Africa ndiye akulandira udzudzu wachilendo, ndipo nkwabwino kuti tidziwe mmene anzathu adachitira pamene tsoka lotere lidawagwera.

MMENE ANTHU ADADZIWIRA GWERO LA MALUNGO

Kwa zaka mazanamazana anthu ankadwala malungo osadziwa kumene achokera. Azungu ankaganiza kuti nthendayi imadza ndi mpweya wonunkha wa m'madambo, ndipo dzina lakuti malaria, limene lidachokera ku Italy, litanthauza mpweya woipa. Maganizo omwewa ndiwo adali nawo amishoni oyamba kufika m'chigwa cha Shire. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire, ndipo Mary, mkazi wa David Livingstone, adamtsatira mu Epulo chaka chomwecho ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi. Onsewa adalowa m'manda osadziwa kuti chowapha chidadza ndi kanthu kamene akadatha kukaphwanya ndi chala.

Choonadi chidayamba kuoneka mu 1880, pamene dotolo wa asilikali a France, dzina lake Alphonse Laveran, adaona tizilombo ta malungo m'magazi a munthu wodwala ku Algeria. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, adapeza tizilombo tomweto m'mimba mwa udzudzu umene udaluma wodwala. Ndipo chaka chotsatira Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy adatsimikiza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndiwo umapatsira anthu malungo.

Tisanapitirire tiyenera kudziwa makhalidwe a udzudzu umenewu, pakuti nkhondo yonse ya ku Brazil idatsamira pa iwo. Umene umaluma ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Ukaluma munthu wodwala umameza tizilombo, ndipo timeneti timakula m'thupi mwake masiku khumi kapena kupitirirapo. Kuyambira pamenepo aliyense amene udzamluma angathe kulandira nthendayo kudzera m'malovu ake. Mazira umaikira pamadzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu mazirawo amaswa timphutsi, ndipo nyengo ikakhala yotentha, pakutha pa mlungu umodzi kapena masiku khumi timphutsito tasanduka udzudzu wouluka. Timphutsi ta Anopheles sitivuta kutizindikira: timagona chopingasa pamwamba pa madzi ndi kumadya tinthu toyandama, pamene ta udzudzu wina timalendewera chadodolido.

UDZUDZU UKWERA SITIMA

Kuyambira mu 1928 kampani ya ku France yotchedwa Aéropostale inkanyamula makalata kuchokera ku Ulaya kunka nawo ku South America. Ndege zinkafika ndi makalatawo ku Senegal. Koma popeza ndege za masiku amenewo zidali zisanayambe kuwoloka nyanja mlungu ndi mlungu, matumbawo ankawakweza pa doko la Dakar m'sitima zazing'ono zaliwiro, zimene kale zidali za nkhondo. Sitimazo zinkayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 3,000 kukafika ku doko la Natal pa masiku anayi kapena asanu okha. Zombo zakale zoyendera mphepo zinkatha milungu ingapo panyanja, ndipo udzudzu wa mtundu uwu, umene suswana m'migolo ya m'chombo, unkafera m'njira. Koma masiku anayi ngochepa; udzudzu wobisala m'chipinda chamdima ungathe kufika tsidya lina uli wamoyo. Akatswiri ambiri amavomereza kuti imeneyi ndiyo njira imene mlendoyo adadzera.

Mu Malichi 1930 Raymond Shannon, katswiri wa tizilombo wa ku America, amene ankagwira ntchito ndi bungwe la Rockefeller Foundation pofufuza nthenda ina yotchedwa yellow fever, adatunga madzi m'munda wina wodikha madzi pafupi ndi doko la Natal. M'madzimo adapezamo timphutsi tambirimbiri ta mtundu umene udali usanaonekepo ku America konse. Atatipima adazindikira kuti tidali ta Anopheles gambiae, udzudzu woopsa koposa wa ku Africa. Popeza malo amene udapezekawo adali ochepa, ndiponso oyandikana ndi pokocheza sitima, Shannon adaona kuti udali utangofika kumene.

Masiku amenewo akatswiri ankayesa kuti gambiae ndi mtundu umodzi. M'zaka za m'ma 1960 kudadziwika kuti dzinalo lidaphimba mitundu ingapo yofanana ngati mapasa. Ndipo mu 2008, atapima udzudzu wouma umene udasungidwa kuchokera m'zaka zija, adapeza kuti umene udalowa mu Brazil udali Anopheles arabiensis, mtundu wopirira malo otentha ndi ouma. Umenewu ndiwo uja wochuluka kuchigwa cha Shire ndi kumtunda kwa nyanja ku Karonga.

MWAYI UMENE UDATAYIKA

Mkulu wa ntchito za Rockefeller m'dzikomo adali dotolo Fred Soper. Iye adapempha akuluakulu a boma la chigawocho kuti atsegule makhoma otchinga madzi a m'nyanja, kuti madzi amchere asefukire m'minda imene mudali timphutsi, pakuti udzudzu umenewu suswana m'madzi amchere. Akuluakuluwo sadavomere. Kuwonjezera apo, mu Okutobala 1930 boma la dziko lonse lidagwetsedwa, Getúlio Vargas natenga ulamuliro, ndipo pa chipwirikiti chimenecho padalibe amene adali ndi mpata woganizira za udzudzu.

Malungo sadachedwe. Pofika kuchiyambi kwa 1931, m'dera la Alecrim, kumene kunkakhala anthu antchito okwana ngati 12,000, odwala adafika 10,000. Pamenepo boma lidadzidzimuka, nilithira mankhwala m'zithaphwi za mumzinda, ndipo udzudzuwo udatha mu Natal. Mu 1932 kudagwa chilala chachikulu, malungo nazilala, anthu nayesa kuti mlendo uja wapita. Koma sadapite ayi. Adali atatuluka kale mumzinda, nayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa nyanja, kuchoka pa chithaphwi ichi kufika pa icho, kwina kukwera m'mabwato ndi m'magalimoto. Kuyambira 1932 kufikira 1937 mbiri yake idazimirira, ndipo ngakhale m'midzi ina yakutali munkabuka malungo, palibe amene adalabadira. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Ntchito imene ikadatha ndi anthu owerengeka mu 1930 idadzafuna anthu zikwi pambuyo pake.

MLIRI WA 1938

Mvula ya 1938 itagwa, udzudzu uja udali utafika m'zigwa za mitsinje ya Açu ndi Apodi, m'chigawo cha Rio Grande do Norte, ndiponso m'chigwa chachikulu cha Jaguaribe, m'chigawo cha Ceará. Malowa adaukomera kopambana. Mitsinje ya kumeneko imasefukira m'dzinja, ndipo ikamaphwa imasiya timathamanda tosawerengeka pamchenga. M'chilimwe anthu amafukula zitsime zosaya m'khwawa louma, monga momwe amachitira amayi kwathu kuno. Madzi otere, osaya ndi owombedwa ndi dzuwa, ndiwo amene udzudzu umenewu umawafuna. Ngakhale pamene ng'ombe yaponda m'matope nisiya kadzenje, pomwepo pakwanira.

Malungo sadali achilendo ku Brazil, koma udzudzu wa m'zigwa zimenezi sudali wakhama pofalitsa nthendayo, motero inkadza mwa apo ndi apo, ndipo matupi a anthu adali asanaizolowere. Tsono mlendoyu ankalowa m'nyumba, ankaluma anthu usiku, nagona pamakhoma ndi kudenga usana. M'midzi ina pafupifupi munthu aliyense adagwidwa. Banja lonse linkagona tsiku limodzi, osatsala wotunga madzi kapena wosonkha moto, kotero kuti ena adafa ndi njala pamodzi ndi malungo. Minda idasowa oilima, ndipo thonje lidasowa olikolola. Pa miyezi yowerengeka yokha odwala adaposa 100,000, ndipo akufa amawerengedwa pakati pa 14,000 ndi 20,000.

Mantha sadali a Brazil yekha. Madotolo adaona kuti udzudzuwo ukadutsa dziko louma limenelo nufika kumene mvula imagwa chaka chonse, sipadzakhalanso munthu wotha kuuchotsa, ndipo udzafalikira m'maiko onse otentha a America.

NKHONDO IYAMBA

Mu Januwale 1939 Vargas adakhazikitsa nthambi yapadera yotchedwa Serviço de Malária do Nordeste, ndiko kunena kuti nthambi ya malungo ya kumpoto chakum'mawa. Boma lidapereka gawo lalikulu la ndalama, bungwe la Rockefeller nilithandizapo. Ndipo utsogoleri udaperekedwa kwa Soper ndi mnzake Bruce Wilson. Likulu lidali ku Fortaleza, ndipo nyumba yopimira udzudzu idali ku Aracati, pafupi ndi mathiriro a Jaguaribe. Antchito adafika 4,000, pafupifupi onse eni dziko. Dera limene adayenera kuliyeretsa lidali masikweya kilomita 54,000, ndilo loposa theka la mtunda wonse wa Malawi.

Poyamba zinthu sizidayende bwino. Adayesa kuthira mafuta pamadzi, adayesanso kuponyamo tinsomba todya timphutsi, koma udzudzu udapitirira kufalikira. Pomaliza adakhazikika pa mankhwala a ufa wobiriwira otchedwa Paris green, amene ndi chiphe choopsa chokhala ndi mkuwa ndi arsenic. Ufawo ankausakaniza pang'ono pokha ndi fumbi kapena mchenga wouma, nauwaza ndi manja pamadzi. Popeza timphutsi ta Anopheles timadya zoyandama, tinkameza ufawo ndi kufa. Chithaphwi chilichonse chinkawazidwa kamodzi pa mlungu, chifukwa adawerengera kuti timphutsi sitingathe kusanduka udzudzu mlungu usanathe.

Koma mphamvu yeniyeni ya ntchitoyi siidali m'mankhwala, idali m'dongosolo. Dera lonse lidajambulidwa pa mapu ndi kugawidwa m'magawo ang'onoang'ono, gawo lililonse lokwanira kuti munthu mmodzi alizungulire ndi miyendo pa mlungu umodzi. Wantchito aliyense adali ndi gawo lake, ndipo zinkadziwika kumene ayenera kupezeka tsiku lililonse. Pambuyo pake pankadza kapitao wake kudzaona ngati wawaza ponse; pambuyo pa kapitao pankadza enanso, osadziwana ndi oyambawo, amene ntchito yao idali kungofunafuna timphutsi totsala. Chilichonse chopezeka chinkatumizidwa ku Aracati kukapimidwa. Motero ulesi kapena bodza la munthu mmodzi silinkatha kubisika masiku ambiri.

Za kuuma mtima kwa Soper amasimba nkhani iyi, ya masiku amene ankalimbana ndi yellow fever. Tsiku lina nyumba yosungiramo zida za nkhondo idaphulika ku Niterói, tsidya lina la doko la Rio de Janeiro. Soper atayang'ana m'mabuku adaona kuti wantchito wake wina adayenera kukhala m'nyumbamo pa ola lomwelo, ndipo adatumiza chipepeso kwa mkazi wake. M'mawa mwake munthu uja adatulukira ku ntchito ali bwinobwino. Soper namchotsa ntchito pomwepo, chifukwa kukhala kwake ndi moyo kudasonyeza kuti sadali pamene adayenera kukhala. Ambiri adzati nkhanza zimenezo, ndipo sindiwatsutsa. Koma nkhaniyi isonyeza mtima umene unkayendetsa ntchito yonseyo.

Pamene ena ankalimbana ndi timphutsi, magulu ena ankalowa m'nyumba ndi mipope, napopera mankhwala a maluwa a pyrethrum osakaniza ndi parafini. Pofuna kudziwa ngati m'nyumba muli mdaniyo, ankatambasula ambulera yoyera ya ngodya zinayi kunsi kwa denga, napopera m'mwamba, kenaka nawerenga udzudzu wogwera pansaluyo. M'misewu yonse yotuluka m'deralo adaika zipata, ndipo galimoto iliyonse inkaimitsidwa ndi kupoperedwa; sitima zapamtunda, mabwato ndi ndege nazonso zinkapoperedwa. Odwala ankalandira kwinini ndi atebrin kwaulere.

Chilimwe cha 1939 chidawathandiza, pakuti madzi atauma udzudzu udapanikizika m'makwawa, kumene kudali kosavuta kuupeza. Pamene mvula ya 1940 idagwa, onse adadikira ndi mantha. Koma mliri sudabwerere, ndipo dera la mdaniyo lidanka lichepachepa. Udzudzu wotsiriza wa mtunduwu udapezeka mu Novembala 1940. Atsogoleriwo sadafulumire kuimba nyimbo yachipambano. Mu 1941 adaleka dala kuwaza ndi kupopera, kuti ngati wina watsala aswane ndi kuonekera, ndipo ofufuza adapitirira kusanthula zithaphwi ndi nyumba. Sadapezenso kanthu. Mu 1942 nthambiyo idatsekedwa, ntchito yake itatha.

CHIMENE CHIDAWAPAMBANITSA

Mu 1942 udzudzu womwewu udatsika ndi mtsinje wa Nile kuchokera ku Sudan nulowa kum'mwera kwa Egypt, kumene udapha anthu zikwi makumi ambiri. Boma la Egypt lidatsata njira ya ku Brazil, ndipo pofika Febuluwale 1945 udzudzuwo udatha.

Zitatere, anthu ambiri adayesa kuti udzudzu uliwonse ungathe kufafanizidwa. Kuyambira 1946 kufikira 1950 adayesa pa chilumba cha Sardinia, ku Italy, ndi mankhwala atsopano a DDT. Malungo adathadi pachilumbapo, koma udzudzu wake sudathe, chifukwa uwo udali mwini dziko, wodziwa kubisala m'mapiri ndi m'timitsinje kuyambira kalekale. Mu 1955 bungwe la World Health Organization lidayamba ntchito yothetsa malungo pa dziko lonse. Maiko ambiri adapindula nayo, koma mbali yaikulu ya Africa siidafikidwe, ndipo mu 1969 cholingacho chidasinthidwa.

Apa tiona kusiyana kwa mlendo ndi mwini mudzi. Ku Brazil ndi ku Egypt udzudzu udali m'dera lodziwika malire ake, louma miyezi yambiri, ndipo udali usanazike mizu. Mlendo angathe kupirikitsidwa ngati anthu afulumira. Koma akakhalitsa nabala ana ndi zidzukulu ponseponse, chotsala nkungophunzira kudziteteza kwa iye.

ALENDO A MASIKU ANO

Sitima za makalata zija zidatha kalekale, koma katundu woyenda pakati pa maiko wachuluka koposa, ndipo tizilombo tikuyenda naye. Udzudzu wakuda wa mizere yoyera wotchedwa Aedes albopictus, wa ku Asia, umaikira mazira m'matayala, ndipo mazirawo amakhala amoyo miyezi ingapo ngakhale madzi atauma. Malonda a matayala akale adaufikitsa ku Houston, m'dziko la United States, mu 1985, ndi ku Genoa, ku Italy, mu 1990. Umenewu umaluma usana, ndipo umafalitsa nthenda za dengue ndi chikungunya. Mu 2007 anthu pafupifupi 200 adadwala chikungunya m'dera la Ravenna, nthenda imene idali isanabukepo ku Ulaya.

Wotikhudza koposa ndi Anopheles stephensi, wa ku India ndi maiko a Arabia. Udapezeka ku Djibouti mu 2012, chaka chimene dzikolo lidawerenga odwala malungo 27 okha. Pofika 2020 odwala adaposa 73,000. Udapezekanso ku Ethiopia ndi ku Sudan mu 2016, ku Somalia mu 2019, ku Nigeria mu 2020, ndiponso ku Kenya ndi ku Ghana mu 2022. Kuopsa kwake nkwakuti sudikira mvula kapena dambo. Umaswana m'matanki, m'migolo ndi m'maenje a simenti osungiramo madzi pomanga nyumba. Motero umakonda mizinda, ndipo umatha kubutsa malungo pakati pa chilimwe, monga zidachitikira ku Dire Dawa, m'dziko la Ethiopia, mu 2022. Tikakumbukira magalimoto akatundu amene amalowa pa Songwe, pa Mwanza ndi pa Dedza tsiku ndi tsiku kuchokera ku madoko, tidzaona kuti nkhaniyi siili kutali nafe.

Mavu nawonso aphunzira kukwera sitima, ndipo mbiri yao iphunzitsa chimodzimodzi. Mu 2004 mavu a miyendo yachikasu otchedwa Vespa velutina adapezeka kum'mwera chakumadzulo kwa France, ndipo zikuoneka kuti adadza m'katundu wa mbiya zochokera ku China. Mavuwa amaima m'malere pakhomo pa mng'oma ndi kumagwira njuchi imodziimodzi kuti akadyetse ana ao, mpaka njuchizo zimaopa kutuluka. Popeza sadathetsedwe msanga, adafalikira ku Spain, Portugal, Belgium ndi Italy, ndipo mu 2016 adaoneka ku Britain. Koma pamene mavu ena aakulu koposa, otchedwa Vespa mandarinia, adaoneka m'chigawo cha Washington ku United States mu 2019, boma lidapempha anthu wamba kuti atche misampha ndi kunena chilichonse chimene aona. Akatswiri ankagwira mavu amoyo, kuwamangirira kachipangizo ka wailesi, ndi kuwalondola kufikira pa chisa. Zisa zinayi zidaonongedwa mu 2020 ndi 2021, ndipo mu Disembala 2024 boma lidalengeza kuti mavuwo atha.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

Ife aphunzitsi timaidziwa mphamvu ya udzudzu poyang'ana m'kaundula, pakuti kuyambira Januwale kufikira Epulo maina a ana ojomba amachuluka, ndipo zaka zina dzina lina siliitanidwanso. Chifukwa chake sindifuna kuti mbiri iyi ingokhala yosangalatsa kuiwerenga.

Phunziro loyamba ndi la mlungu umodzi. Anthu a ku Brazil adapambana chifukwa adafika pa madzi alionse masiku asanu ndi awiri asanathe. Nafenso tisankhe tsiku limodzi pa mlungu loyendera pakhomo pathu: kukhuthula madzi a m'matayala, m'zitini ndi m'zigoba za miphika, kutsuka mkati mwa migolo ndi kuivundikira, ndiponso kukwirira maenje oumbira njerwa ndi zithaphwi za pafupi ndi mjigo. Tisayese kuti kadzenje kakang'ono nkosaopsa, pakuti tawona kuti phazi la ng'ombe likwanira.

Phunziro lachiwiri ndi la m'nyumba. Udzudzu wa malungo umaluma makamaka usiku, motero aliyense agone m'masikito onyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, chilimwe ndi dzinja lomwe, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Masikito ong'ambika asokedwe, ndipo asatengedwe kukaphera usipa kapena kutchingira dimba. Opopera mankhwala akafika, tiwatsegulire zipinda zonse. Munthu akatentha thupi apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo akalandira mankhwala awamalize. Potero adzipulumutsa yekha, napulumutsanso anzake, chifukwa udzudzu sungapatse munthu nthenda imene sudaitenge kwa wina.

Za mavu, chisa chao chisaponyedwe miyala, ndipo ana achenjezedwe za ichi. Munthu akalumidwa achoke pamalopo, atsuke pabalapo ndi kuikapo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Koma akayamba kutupa nkhope, milomo kapena kukhosi, akamabanika kapena kuchita chizungulire, kapenanso akalumidwa ndi mavu ambiri nthawi imodzi, athamangire naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Phunziro lotsiriza ndi la kuchenjera ndi kunena msanga. Mlendo wa ku Natal adadziwika chifukwa munthu mmodzi adawerama nayang'ana m'madzi, ndipo adapha anthu zikwi chifukwa amene adauzidwa sadachitepo kanthu. Tsono malungo akabuka m'tauni pakati pa chilimwe, kapena tikaona timphutsi togona chopingasa m'thanki ya madzi, tiwauze alangizi a zaumoyo ndi amfumu, ndipo iwo afikitse mawuwo kwa akuluakulu ao. Mutu umodzi susenza denga. Pakhomo pamodzi posasamala pangathe kudzaza udzudzu m'mudzi monse.

Owerenga anzanga, anthu a m'chigwa cha Jaguaribe adalibe DDT, adalibe masikito amankhwala, ndiponso adalibe mankhwala amphamvu amene tili nawo lero. Adali ndi chidebe cha fumbi, mapu, ndi kapitao wosalola bodza, ndipo ndi zimenezo adayeretsa dziko lao pasanathe zaka ziwiri. Akadayamba mu 1930, manda zikwi zambiri sakadakumbidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.